Bakha wa M'kompyuta ndi Chipinda cha Mlamu Wanga

Apongozi anga aakazi atapuma pa ntchito yothyola tiyi, anafuna nyumba ya malata kwawo kwa Khwethemule. Wojambula pulani akanakhala ndani kupatula ine? Ndinkagwira ntchito mu ofesi ya zomangamanga pa esiteti, kujambula pakompyuta nyumba za antchito, zimbudzi ndi mashedi oyezerapo tiyi. Kubanja kwa mkazi wanga ankanditchula injiniya, ndipo sindinawatsutsepo. Mkamwini akapeza chomutamira amangokhala phee.

Ine ndi apongozi sitinkayang'anana maso, monga mwa mwambo. Tikakumana panjira, mmodzi ankapatukira m'mizere ya tiyi. Choncho pulani yonse inkadzera pakamwa pa mkazi wanga. Iwo ankakhala kuseri kwa khitchini, ine pakhonde, mkazi wanga uku ndi uku ngati kondakitala wa minibasi.

"Akuti khonde likule, pokhala alendo."

Ndinkalemba.

"Akuti windo lisapenye kumanda."

Ndinkalembanso, ngakhale mumtima ndinkang'ung'udza.

Zipinda zogona zinali zitatu. Chachitatu chinali cha mlamu wanga, mwana wawo wamwamuna yekhayo, amene anapita ku Joni kalekale, foni yake n'kuleka kulowa. Lamlungu lina mmisiri anaona uvuni n'kunena kuti njerwa sizikwana. Mkazi wanga anabwera ndi uthenga atazolika.

"Akuti chipinda cha achimwene muchotse. Akuti sangamangire mphepo."

Lachinayi pa nthawi ya nkhomaliro ndinatsegula pulaniyo n'kufufuta chipindacho. Ndikudina kuti ndisunge, magetsi thii! Jenereta ya kufakitale italira, kompyuta inayaka, koma pulani inakana kutseguka. Ndinayesa kachiwiri, kachitatu, ndinaimenyako ngakhale kakhofi. Loweruka mmisiri ankayenera kukhoma zikhomo za maziko, abale anali ataitanidwa kale kudzakumba, ndipo ntchito imeneyi inali itandidyera nkhomaliro za mwezi wathunthu. Ndinachita mantha enieni. Ndikanatuma mkazi wanga kukanena chiyani? Kuti injiniya uja wataya nyumba?

Mu ofesimo munali mayi wina woyeza malo, wamkulu kwa ine, wosachedwa kuseka. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Achimwene, thukuta lonseli ndi chisanu chimenechi? Abakha anu ali kuti?"

Pulani iliyonse ukaisunga, pambali pake pankabadwa fayilo ina ya dzina lomwelo, koma yothera ndi zilembo zitatu, bak. Mu ofesi tinkazitcha abakha. Ine ndinkaziyesa zinyalala, mwinanso vayirasi, chifukwa zinkangoswana ndipo ukazidina sizinkatseguka. Ndikangoiona ndinkaifufuta, n'kumadzitama kuti kompyuta yanga ndi yaukhondo. Ngakhale tsiku limenelo, kompyuta itangoyaka, dzanja linali litachita kale zimene linazolowera, kufufuta bakha wa pulaniyo.

Nditawauza, mayiwo anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Iii, mwakhala mukupha abakha zaka zonsezi? Imeneyo ndiye sipeya tayala! Mukasunga chatsopano, makinawa amakubisirani chakale mmenemo. Tapenyani kudzala."

Kudzala ankanena kankhokwe kamene kompyuta imaponyako zofufutidwa. Mwamwayi ulesi unandipulumutsa, sindinali nditakhuthulako. Bakha wanga anali pamwamba penipeni. Tinamubweza, mayiwo anandiuza kuti ndifufute zilembo zitatu zija n'kulembapo zimene mapulani onse amathera, kenako ndidine. Mizere inatulukira yonse, makoma, mawindo, khonde lija. Ndinaimirira n'kuvina pang'ono, munthu wa tayi. Ndinasindikiza pepala, kulipinda, madzulo n'kupatsa mkazi wanga kuti akapereke kwa mmisiri. Kuliyang'ana sindinaliyang'ane. Nyumba yojambula ndekha ndiiyang'anirenji?

Loweruka ndinafika mochedwa chifukwa chiperoni chinanyowetsa msewu ndipo njinga yamoto inkaterereka. Ndinapeza zikhomo zakhomedwa, zingwe zamangidwa, amuna ayamba kale kukumba mbali ya khonde. Ndinawerenga zipinda ndi maso. Chimodzi, ziwiri, zitatu. Apa m'pamene mawu a mayi aja anandilowa bwino: bakha amasunga chakale. Anandibwezera nyumba monga inalili ndisanafufute kalikonse.

Apongozi anali ataima m'kati mwa zingwe za chipinda chachitatucho, opanda nsapato, atandifulatira. Manyazi anandigwira, komanso chisoni, chifukwa ndinaona kuti ndawatsegula bala limene anali atalimanga okha. Ndinakodola mkazi wanga.

"Kawauzeni kuti ndapepesa. Ndi kompyuta yalakwitsa. Zikhomozo tizula pompano."

Anapita, ananong'onezana kanthawi, anabwera.

"Akufunsa kuti kodi inu simunachotse?"

"Ndinachotsa ndithu. Koma makinawo anasunga kumbali osandiuza, ndiye chabwerera."

Anapitanso. Ulendo uno anachedwa. Okumba aja anaimika makasu, mmisiri anagwira chikhomo chapakona kudikira mawu. Apongozi anawerama, anatola kamwala kamene kanali pakati pa chipindacho n'kukaponya kunja kwa chingwe. Mkazi wanga pobwera anali akupukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

"Akuti khonde lichepe, alendo azikhala pamphasa pabwalo. Akuti ngati makina, opanda mimba, akana kumutaya mwanayo, iwo amene anamubereka amutaye bwanji?"

Mmisiri anasiya chikhomo chija, natenga khasu.