Mutu wa Jethro Garrod

Jethro Garrod anabadwira m'kanyumba ka m'mphepete mwa msewu ku Suffolk, m'chaka cha 1741, ndipo anakalambiramo. Agogo ake anakamanga pamalire penipeni pa midzi iwiri, Marlby ndi Hexstead, poti malo apamalire analibe wowalondera. Ntchito yake inali yofolera nyumba. Denga limene Jethro wayikapo dzanja linkatha zaka makumi atatu osadontha. A ku Marlby ankati ndi mwana wawo, a ku Hexstead nawonso ankati ndi mwana wawo, moti tsiku la msika zibakera zinkatha kuuluka chifukwa cha iye.

Atakwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri, anaterereka padenga la nkhokwe ya abusa n'kuthyoka chiuno. Mkazi wake Keziah anali atatsikira kale kulichete, ndipo mwana wawo yekhayo anapita kunkhondo osabwerako. Lamulo linkati munthu wotere azidyetsedwa ndi mudzi wake. Apa m'pamene midzi yonse iwiri inakumbukira kuti sikumudziwa.

Oyang'anira osauka anakumana pakhomo pake: a Catchpole, mwini chigayo wa ku Marlby, ndi a Thurlow, mlimi wa nkhumba wa ku Hexstead.

"Mkuluyu ndi wanu, a Thurlow. Tangomvani kayankhulidwe kake."

"Aaa, musatipusitse! Si inu munam'batiza?"

"Tinangom'thira madzi pokuthandizani. Abusa anu tsiku limenelo anali ataledzera."

Jethro ankamva zonsezi ali gone m'kati, njala ikum'pota. Anthu aja anabwera ndi tcheni choyezera malo n'kuyeza. Khitchini inapezeka kuti ili ku Marlby, chitseko ku Hexstead, ndipo malire anadula bedi la mkuluyo pakati, cha pamchombo. Nkhani inakafika kwa woweruza, amene anali kale pahatchi kupita kosaka nkhandwe.

"Munthu ndi mutu," anatero osatsika n'komwe. "Kumene mutu wake umagona n'kwawo. Mudzabwere ndi mboni."

Mawa lake kutacha kunafika amuna anayi a ku Marlby. Ananyamula bedi, mwini wake ali pomwepo, n'kulitembenuza kuti mutu uloze ku Hexstead. Masana a ku Hexstead anadzalibweza. Zinatero sabata yathunthu, chiuno chikum'thyokera kawiri patsiku, koma wom'bweretsera ngakhale kachibenthu ka buledi panalibe. Ankam'dyetsa ndi mayi Tabitha Girling, mkazi wamasiye wapafupi, amene nayenso ankangokhalira mbatata.

Tsiku lachisanu ndi chitatu, a Catchpole akutukwana kulemera kwa bedi, Jethro anayankhula.

"Bambo, mukudziphweteketseranji msana? Mutuwu ndi wanga, ndimatha kuutembenuza ndekha. Kungoti ndikakhala ndi njala suudziwa kolowera."

A Catchpole anam'yang'ana nthawi yaitali. Dzuwa lisanapendeke kunabwera buledi wamkulu ndi tchizi, ndipo mutu unagonera ku Hexstead. A Thurlow atamva, anafika akuwefuka.

"Achikulire, mwatigulitsa ndi tchizi? Ife amene tinkakutamandani pamsika?"

"Iii, mwana wanga, tchizi yakeyo njouma. Mwina mutu ukanamva fungo la nyama ya nkhumba ukanaganizanso."

Ntchafu ya nkhumba inabwera, ndi mtsuko wa mowa pambali pake. Chiyambi chake chinali chimenecho. Mudzi uliwonse unkam'dyetsa pofuna kuti asakhale wake, ndipo aliyense ankabisira mnzake. Jethro sankakondera: masiku atatu kuno, masiku atatu uko, Lamlungu ankagona chopingasa. Mboni zikapita kwa woweruza zinkatsutsana, mlandu n'kuimitsidwa. Masaya a Jethro anabwerera. Mayi Girling anayamba kudyera komweko, naonso n'kunenepa. Pofika chaka chachiwiri, mkuluyo ankatha kuyenda ndi ndodo, ngakhale ankaibisa pansi pa bedi akamva mapazi panja.

Sikuti mumtima munalibe chilonda. Nthawi zina ankasuzumira pawindo n'kumawerenga madenga ake, mbali iyi ndi iyo, n'kupukusa mutu. "Onsewa amagona pouma chifukwa cha ine, Tabitha," ankatero. Kenako ankapempha kuti am'dulireko nyama ina.

Anamwalira chaka chachitatu, nthawi yokolola. Tsikulo anatsetsereka ndi ndodo yake mpaka kumunsi kwa dimba, nawoloka kangalande kuti akatole maapozi ogwa, nakhala pansi patsinde osadzukanso. A Catchpole ndi a Thurlow anathamangira komweko ndi tcheni chawo. Atayeza kawiri, anayang'anana, n'kuvula zipewa. Tsidya la ngalandelo linali la mudzi wachitatu, Ottley Green, kumene Jethro sanafolereko ngakhale khola la nkhuku.

Poti mutu wake unagonera kwawo, a ku Ottley Green anakhoma bokosi akung'ung'udza. A Catchpole ndi a Thurlow ananyamula nawo maliro, phewa ndi phewa, ndipo poimba nyimbo mawu awo ndiwo ankamveka pamwamba pa onse.