Chilango cha pa Windo

Fungo la simenti yonyowa limandibwezera ku Ching'ambo mpaka lero. Chaka chimene bambo anawasamutsira ku Mzuzu pa ntchito yawo ya m'boma ndinali Sitandade 5, ndipo chisanu cha Juni chinandipeza ndisanakonzeke. Kwathu ku Salima tinkadziwa dzuwa basi. Kuno nkhungu inkatsika mpaka pakhomo, kamvula kakuwaza tsiku lonse, matope ofiira n'kutiperekeza mpaka m'kalasi.

Madesiki anali a Sitandade 8 okha. Enafe tinkakhala pansi, miyendo titatambasula, atsikana titayala kachitenje, kope pabondo. Pofika nthawi ya masamu miyendo inali itachita dzanzi, msana ukuwawa, tulo tili m'maso. Zolemba zanga zinkaoneka ngati papalasa nkhuku. Aphunzitsi athu, Mayi Nyirenda, ankangodula mzere wofiira tsamba lonse osawerenga n'komwe. Temu yachiwiri ndinalephera, ndipo bambo ananena mosapsatira kuti ndikalepheranso mayeso a Julayi ndibwereza kalasi, mng'ono wanga adzandipeza momwemo. Zimenezo zinkandiwawa kuposa chikwapu.

Tsiku lina ndinasinza phunziro lili mkati. Chilango chake anandiimika kumbuyo, pa windo lopanda galasi, pomwe mphepo inkalowera. M'munsi mwa windolo khoma linali lotakata bwino, lolekeza m'chifuwa mwanga. Ndinaikapo kope poti ndinalibe pena poika. Abale inu! Zilembo zinaima chilili, bolodi ndikuliona lonse pamwamba pa mitu ya anzanga, tulo n'kuthawa. Zala zinauma ndi kuzizira, koma tsiku limenelo kope langa linabwera ndi machongi okhaokha.

M'mawa mwake sindinadikire kulakwa. Ndinangolunjika ku windo.

"Khala pasi, iwe!" anakalipa Mayi Nyirenda m'Chitumbuka, ali pampando wawo.

"Madamu, pansi sindilemba bwino," ndinayankha ndili chiimire.

Kalasi yonse inangoti kukamwa yasa. Mwana saima munthu wamkulu atakhala, ndipo ine ndinkadziwa bwino lomwe, popeza kunyumba ngakhale madzi akumwa ndinkapereka kwa bambo nditagwada. Koma ulemu umenewo ukanandibwerezetsa kalasi, ndiye ndinaumitsa khosi. Anandisesetsa bwalo, ndinasesa. Ananditungitsa madzi okolopera kuchimbudzi, ndinatunga. Kukacha ndinali pa windo pomwe paja, nkhope ili gwa.

Anaitanitsa amayi. Iwo anabwera atafunda zitenje ziwiri, anapepesa mpaka manja kuwawa ndi kuwomba, akungobwereza "yewo chomene", kutanthauza zikomo kwambiri, Chitumbuka chokhacho chimene ankadziwa. Pobwerera anandikoka khutu kuyambira pachipata cha sukulu mpaka pa chigayo. Ndinalira, koma pepani sanatuluke pakamwa panga.

Chinaipitsa zinthu n'chakuti anzanga anayamba kusirira. Mawindo anali awiri, ana tinali khamu. Tsiku lina anyamata anakankhana polimbirana malo mpaka wina anang'ambika mlomo. Apo Mayi Nyirenda anagamula aliyense akumva kuti woima pa windo mwa kufuna kwake sadzalemba mayeso. Ndinabwerera pansi mtima ukuwira, ndipo mzere wofiira uja unabwereranso.

Tsiku la mayeso linafika ndi nkhungu yoti n'chipata chomwe sichinkaoneka. Ndinakhala pa kachitenje kanga, pepala pabondo. Ndinkaona kale mng'ono wanga atakhala pambali panga chaka chamawa. Mayi Nyirenda anagawa mafunso, anayenda pakati pa miyendo yathu, n'kudzaima pa ine.

"Tadala, wandiyang'ana mwamwano. Kaime pa windo. Usakhale pansi mpaka mayeso onse athe."

Anzanga anaseka chamumtima. Ine ndinadzuka ndikufwenthera mkwiyo, ndikuti mayi awa akufuna ndiume ndi chisanu. Ndinalemba masiku atatu ndili chiimire, mphepo ikundilasa m'khosi, ndikukanikiza pensulo kuti aone. Ndinakhoza. Sindinawathokoze, chifukwa m'mutu mwanga ndinali nditawagonjetsa.

Lero ndine mphunzitsi, ndipo ndimamva kuti kwina amagula madesiki aatali oti ana azilemba ataima. Ine zimenezo ndinazidziwira pa khoma lozizira, ndipo sindinasinthe maganizo: mwana si thumba la chimanga loti likhale pansi tsiku lonse. Koma tsopano nanenso ndili ndi mawindo awiri ndi khamu la ana, ndiye ndimadziwa kulemera kwa lamulo limene walinena pagulu. Nthawi zina ndimakumbukira m'mawa wa mayeso uja bwinobwino. Pamene Mayi Nyirenda ankaima pa ine, maso anga anali pabondo. Sindinawayang'ane n'komwe.