Lamulungu Limene Amayi Anayankha Ababa pa Wailesi

Chaka chimene nkhani ya zipatala za boma inavuta, ine ndinali kwa makolo anga ku Chilomoni, ndikulera mwana wanga woyamba. Nkhaniyo inali pakamwa pa aliyense. Ena ankati boma likufuna kupereka zipatala m'manja mwa makampani kuti aziziyendetsa ngati bizinesi. Ena ankati ayi, likungofuna kuti wodwala aziponyako kangachepe asanaonane ndi dokotala. Andale a mbali ino ankanena zawo, a mbali inayo zawo, ndipo m'minibasi yopita m'tauni anthu ankakangana mpaka ena kupitirira siteji yawo.

Kunyumba kwathu amene anaigwira nkhaniyi ndi manja awiri anali ababa. Iwo anagwira ntchito ya ukalaliki pa kampani ina kwa zaka zambiri, ndipo nthawi imeneyo anali ndi khadi yopitira ku chipatala cha pulayiveti. Atapuma ntchito khadiyo inasiya kugwira, koma ankayendabe nayo m'chikwama. Ankakumbukira mipando ya khushoni, nesi wokuitana ndi ulemu, ndi mankhwala opezeka pompo.

"Munthu ukalipira umakhala ndi pakamwa," ankatero. "Ukhoza kufunsa kuti mankhwala ali kuti. Koma zaulerezi, akakukalipira umangoti zikomo."

Amayi ankagulitsa tomato ndi anyezi pamsika. Za chipatala ankazidziwa mwa njira ina. Wachibale aliyense wochokera kumudzi ku Chiradzulu akagonekedwa, womudikirira anali iwo. Anagonapo pansi pambali pa mabedi ambiri, ndipo ankadziwa pampope pamene madzi sasiya kutuluka. Komabe ababa akayamba nkhani yawo, amayi ankangoti "Mmm," n'kupitiriza zomwe akuchita. Ababa ankaganiza kuti "mmm" ameneyo ndi kuvomera.

Panali pulogalamu ina ya pa wailesi yomwe inkaulutsidwa Lamulungu masana, anthu n'kumaimba foni kupereka maganizo. Ababa anayesa masabata atatu osalowa. Ankagula mayunitsi Loweruka, n'kulemba mfundo zawo kuseri kwa envulopu. Sabata yachinayi, titangobwera kutchalitchi, anakhala pabalaza jekete lili m'thupi, foni ili kukhutu. Ine ndi amayi tinali kukhitchini, tikumvera pa kawailesi kathu kakang'ono, amayi akudula kabichi.

Mwadzidzidzi tinamva mawu a ababa akutuluka m'kawailesiko, pomwe enanso akumveka kuchokera pabalaza. Ndinasuzumira. Anali ataimirira, dzanja lina lili kumbuyo, ngati akuyankhula ndi bwana wamkulu.

Anayankhula bwino, sindingawanamizire. Anatchula dzina lawo lonse ndi dera lomwe amakhala. Anati mizere yatalika, mankhwala akusowa, ndipo boma lokha silingathe. Anathiramo ndi Chingelezi pang'ono. Woulutsa pulogalamuyo anawafunsa ngati anthu a m'makomboni angakwanitse kulipira.

"Angakwanitse, bwanji osakwanitsa?" anayankha ababa. "Ngakhale kunyumba kwanga kuno, tonse tagwirizana chimodzi."

Mpeni wa amayi unaima.

"Tonse?" anandifunsa. "Iwe unagwirizana nawo liti?"

Ndinati sindikukumbuka.

"Bweretsa foni yako. Imba nambala yomweyo."

Ndinaimba ndikuseka, podziwa kuti sizilowa. Koyamba inakanadi. Kachiwiri ndinamva munthu akuti tichepetse wailesi, tili pa mzere. Amayi anapukuta manja pachitenje, n'kulandira foni ngati amachita zimenezi tsiku lililonse.

"Ine ndine mkazi wa bambo amene angomaliza kuyankhulawo," anatero. "Iwo ali pabalaza, ine ndili kukhitchini. Zoti tagwirizanazo ndazimvera pa wailesi pomwepa."

Woulutsa uja anaseka mpaka kutsokomola. Atapeza mpweya anawauza kuti apitirize.

Amayi sanakweze mawu. Anati zoti mankhwala amasowa n'zoona, zoti manesi ena amakalipa n'zoonanso, iwo anakalipiridwapo kangapo. Koma anati ana awo onse anabadwira m'chipatala cha boma, ndipo palibe tsiku lomwe anabwezedwa pakhomo chifukwa choti m'manja mulibe kanthu. Anatchula za mnzawo wa benchi loyandikana nalo pamsika, amene mwana wake amadwala mphumu. Mwanayo akabanika m'mawa, mayi ake asanagulitse ngakhale mulu umodzi, apite naye kuti?

"Bweretsani mankhwala, lembani manesi ambiri, amene akuba muwagwire," anatero. "Koma khomo lokha musatseke. Ndiponso bambowa mzere umene akuunenawo sanaimepo. Mankhwala awo a bipi amene amakawatengera mwezi ndi mwezi ndine."

Woulutsa anafunsa ngati ali ndi uthenga wina kwa amuna awo.

"Auzeni avule jeketelo, mpunga wapsa."

Kuseri kwa mpanda kunamveka nthungululu. Anali aneba athu, amene nawonso ankamvera. Nditatembenuka ndinaona ababa ataima pakhomo la khitchini, wailesi yaikulu ya pabalaza ataikumbatira pachifuwa, envulopu ili m'kamwa. Anatiyang'ana, kenako anabwerera pabalaza.

Tinakhala pa chakudya. Ine ndinkangoyang'ana m'mbale kuopa kuphulika ndi kuseka. Chakumapeto ababa anaika supuni pansi.

"Mayi, mawu anu amamveka bwino pa wailesi."

"Zikomo bambo."

"Koma mfundo yanu yachiwiri inali yofooka."

"Muiyankhe Lamulungu likubwerali, ngati mungalowe."

Mawa lake tomato wa amayi anatha nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Anthu ankabwera kudzaona mayi wa pa wailesi, ndipo manyazi ankawagwira kuchoka osagula. Ababa ndiye anaona zakuda. Mnzawo wa bawo, telala wina wachisilamu amene ankasoka pakhonde la golosale, sanawasiye. Akafuna kudya nkhomo za ababa ankayamba wafunsa kaye kuti, "Achimwene, kodi apa tonse tagwirizana chimodzi?" Anthu oonerera ankagwa nako kuseka. Ababa ankaseka nawo, koma ndinkaona kuti mawu amene anawalasa kwambiri anali aja a mzere.

Tsiku lotenga mankhwala litafika, anadzuka m'mamawa n'kuvala tayi.

"Ndipatseni kabuku kanga ka kuchipatala," anauza amayi. "Lero ndipita ndekha, ndikaone ndi maso anga."

Linalinso tsiku la sikelo ya mwana wanga, choncho tinapitira limodzi. Tinakafika dzuwa litangotuluka, koma tinapeza anthu atadzaza kale. Ababa anayang'ana uku ndi uku kufuna pokhala. Panalibe. Anaima kumbuyo kwa agogo ena aamuna amene anabwera ndi kampando kawokawo. Sipanapite nthawi, agogowo anatembenuka n'kuwayang'anitsitsa.

"Mawuwa ndikuwadziwa. Si inu a mpunga wapsa?"

Mzere wonse unatembenuka. Ine ndinathawira ku sikelo. Pomwe ndinkabwerako, mwana atayezedwa, ndinapeza ababa ali pakati pa bwalo la anthu, tayi atamasula, akutsutsana ndi azimayi atatu nthawi imodzi. Wina anawabwereka kampando. Winanso anawagawira chinangwa chophika. Bambo wina woyendetsa kabaza anali kumbali yawo, akuti iye angalolere kulipira bola asataye tsiku lonse pamzere. Mayi wina anamufunsa ngati analipirapo ku pulayiveti mwana atadwala malungo. Bamboyo anati analipirapo kamodzi, ndipo sanabwererenso.

Ababa analowa kwa dokotala dzuwa litakwera. Anawayeza, anawauza kuti achepetse mchere, n'kuwalembera mankhwala a mitundu iwiri. Pawindo anawapatsa mtundu umodzi. Winawo unali utatha, anawauza kuti akagule ku famase. Anatuluka nkhope ikuwala ngati apambana mlandu.

"Waona? Ndikawauze amayi ako."

Koma tili pageti, panafika mtsikana wina akuthamanga, kumbuyo atabereka mwana amene khosi linali lendelende. Analibe nsapato, analibe chikwama. Mlonda sanamufunse kanthu. Anthu a pamzere anapatuka okha, nesi anatuluka n'kumulanda mwanayo, onse n'kulowa mkati. Ababa anakana kuchoka. Tinaima pamenepo mpaka mayi wina anatuluka n'kunena kuti mwanayo amuika diripi ndipo watsegula maso. Apo m'pamene ananyamuka.

Titafika kunyumba anauza amayi zonse ziwiri, za mankhwala osowa ndi za mtsikana uja, osabisa chilichonse.

"Ndiye mwati bwanji?" anafunsa amayi.

"Ndati makampani ayi. Amenewo akanamufunsa kaye risiti mtsikana uja. Koma amene ali nazo azilipira ndithu, kuti mankhwala azipezeka."

"Inuyo muli m'gulu liti?"

"Ine ndinapuma ntchito," anatero ababa mwaulemu wonse.

Amayi anaseka mpaka kukhala pansi.

Kuyambira mwezi umenewo ababa ankapita okha kukatenga mankhwala, atanyamula kampando. Anapeza anzawo ambiri pamzere paja, moti tsiku la chipatala linasanduka ngati tsiku la msonkhano. Nkhani ya makampani ija inazilala yokha andale atapeza zina zokanganirana, koma ababa sanaisiye. Pamene anthu a m'dera ankasankha komiti yothandizana ndi chipatala, agogo a kampando aja anatchula dzina la ababa, ndipo anadutsa popanda wopikisana nawo.

Ntchito yawo yoyamba inali yomanga shedi ndi mabenchi kuti anthu asamaime padzuwa. Anayenda m'matchalitchi ndi m'mizikiti kupempha matabwa ndi malata. Telala uja anabweretsa akalipentala awiri a kumzikiti kwawo. Amayi anasonkhanitsa anzawo a pamsika, ndipo Loweruka lina anatuta mchenga kuchokera kumtsinje mpaka mulu unakwana.

Tsiku lotsegulira shediyo kunagwa mvula yamphamvu, ndipo tonse tinathithikana pansi pa malata atsopanowo. Pakona imodzi pankadontha, madzi ake n'kumagwera ndendende paphewa la ababa, amene anali pakati pa kuyankhula. Sanasunthe. Anamaliza mawu awo onse, jekete litanyowa mbali imodzi, anthu akuwomba m'manja. Kenako anatsika pabenchi pomwe anaimapo, n'kupita kukafunafuna kalipentala.