Mwendo wa Gwape

Amuna anga oyamba anali mkamwini wochokera cha ku Mualadzi, ndipo pamudzi pathu mkamwini ankamuyang'ana ngati mbuzi yogula dzulo, yoti mwina ithawa ndi chingwe chomwe. Khasu likasowa, maso onse kwa iwo. Nkhuku ikapanda kubwerera kukhola, amayi ankangotsokomola n'kuyang'ana kunyumba kwathu. Ine pakamwa ndinkawaikira kumbuyo, koma ndisaname, mumtima ndinali ndi kanthu. Anali munthu wosakonda kuyankhula, ndipo kawiri konse anabwera ndi nyama yokulunga m'masamba osanena kumene aitenga. Nditafunsa anangoti ndiphike.

Chaka chimenecho, nthawi ya chilimwe, atsibweni anga anatchera misampha kumtsinje. Tsiku lina m'mawa amuna anga akuchokera kodula nsichi anapeza gwape atakodwa, atafa kale, miimba ikuzungulira kumwamba. Mwambo wake unali wodziwika. Wopeza nyama mumsampha wa mnzake ankaionjola n'kuisenza mpaka kwa mwini wake, ndipo mwendo umodzi wakutsogolo unkakhala wake. Kungoti kwathu wodula mwendowo anali mwini msampha, pakhomo pake, anthu akuona. Amuna anga anadula okha kutchire komweko, mwendowo n'kuuika m'thumba lawo.

Njira yochokera kumtsinje inkagawikana pamtengo wa msuku. Ina inkakwera kumudzi, ina inkatsikira kumsewu wa ku Cassacatiza, kumene oyendetsa malole ankagula nyama osafunsa zambiri. Atsibweni anakumana nawo patatsala mapazi owerengeka kuti afike pamphambanopo, gwape ali paphewa, thumba likudontha magazi.

Atsibweni sanali munthu wodikira kuti mlandu uzizire. Sanafune zokambirana zapamudzi, anati kumeneko mkamwini angolipira nkhuku n'kumatiseka. Anakaitana msupayi, wapolisi wa Apwitikizi, ndipo tonse tinayenda wapansi mpaka ku positu, ku ofesi ya boma, nyama ija ikununkha kumbuyo kwathu. Titafika anailowetsa kukhitchini kwa shefi, mkulu wa papositupo, ati ndi umboni, ndipo sitinaionenso.

Shefiyo ankayankhula akuyang'ana zala zake, womasulira n'kumatiuza. Anati kunyamula chinthu cha mwini si kuba, kuba ndi kuchinyamula uli ndi mtima woti usachibweze. Ndiye funso linali limodzi: munthuyu akanafika pamsukupo akanakhotera kuti? Amuna anga anati kumudzi. Anafotokoza kuti kwawo wopeza amadula yekha mwendo wake pomwepo, n'chifukwa chake anatero. Atsibweni anaseka, anati mwambo wotere auumba m'njira. Panalibe munthu wa ku Mualadzi woti awavomereze.

Apa m'pamene anaitana ine. Womasulira anandifunsa ngati amuna angawo anabwerapo ndi nyama yosadziwika kumene yachokera. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti ndikati ayi tibwerera limodzi kumudzi, chifukwa shefiyo anali atayamba kale kuyasamula. Koma atsibweni anali kundiyang'ana, ndipo kanthu kanga kaja kanali kakundikanda.

"Kawiri," ndinatero. "Koma kumene anaitenga sindikudziwa."

Sindinaname ngakhale pang'ono, ndipo zimenezi zinanditonthoza kwa masiku atatu okha. Amuna anga sanandiyang'ane. Asupayi anawamenya ndi mbalamatodya, kathabwa kolangira, m'manja mpaka zala kutupa, kenako anawatumiza kukakumba msewu.

Ali komweko kunabwera mlamu wanga, mlongo wawo, kudzandizonda. Tikusinja ndinamufunsa mozungulira za misampha ya kwawo. Anandiyankha mosaganiza n'komwe kuti kwawoko wopeza ndiye amadula, akapanda kudula mwini msampha amakhumudwa kuti wamuyesa waumbombo. Munsi unandilemera. Za nyama ya m'masamba ija ndinaopa kufunsa, chifukwa yankho lililonse likanandipweteka. Mpaka lero sindidziwa kumene inkachokera, ndipo masiku ena ndimawakayikirabe, mwina pofuna kudzichepetsera manyazi.

Amuna anga anabwerako mvula itagwa kale, ataonda, mapazi ali ming'alu yokhayokha. Amayi anawaphera nkhuku, atsibweni anazemba n'kupita kumunda. Ine ndinawatenthetsera madzi, anasamba, anadya, anathokoza monga mlendo. Kenako anapinda mphasa yawo, anaima pakhomo n'kuloza nkhwangwa imene inali pakhonde. Anabwera nayo okha kuchokera kwawo, koma mpini wake anasema ndi mtengo wa m'munda wa amayi.

"Kodi iyi ndingatenge?" anandifunsa. "Mundiuze pano anthu akumva."

Ndinati atenge, ndi yawo. Anaigulula, mpini anautsamiritsa bwinobwino pakhoma, chitsulo chokha n'kuchikulunga m'mphasa. Anatsanzika amayi mwaulemu n'kuuyamba ulendo wa ku Mualadzi, ndipo sanabwerenso.