Tinafolera udzu pamwamba pa malata

Sabata ino ndinali munthu wolemera kwambiri pa Kande ponse. Musaseke, mboni zilipo.

Lolemba, pobwera ku Chintheche komwe ndinakagula nsapato za mwana, ndinapeza pabalaza panga palibe popondapo. Matiresi, masola, makina osokera, njinga, wailesi yakanema, ndi injini ya boti itakhala pampando wanga ngati mlendo wolemekezeka. Kuchipinda kunkamveka abakha. Mkazi wanga anali pakhomo, akulandirabe katundu ngati kondakitala.

"Mayi a Tadala, tatsegula shopu?"

"Mawa kukubwera olemba mayina a ovutikitsitsa," anatero. "Akuti inu ndinu aphunzitsi, sangakulembeni ndi kale. Ndiye onse akusungitsa kuno."

Mwamva? Alembiwo amayenda khomo ndi khomo kuona amene umphawi wamukhalira pakhosi kuti azilandira kandalama ka mwezi ndi mwezi. Choncho mudzi wonse unaganiza zosauka tsiku limodzi. Ine mwana wa ku Dedza, amene malipiro anga amatha mwezi usanafike pakati, ndinagona pa matiresi osanjikiza mpaka kukwera ndi mpando.

Ada Mhone (kuno bambo amati "ada"), msodzi mwini injini ija, anandilangiza bwinobwino. "Ada Ticha, akafunsa, ndi yanu. Akachoka, ndi yanga. Tamvana?"

Koma panali mmodzi amene chuma chake sichikanalowa pakhomo langa.

A Nyachirwa, oyandikana nafe, ndi mayi wamasiye amene akulera zidzukulu zitatu. Mwana wawo anapita ku Joni, natumiza malata, nyumba n'kufoleredwa. Kenako iye anabwera m'bokosi. M'nyumbamo muli mphasa, timiphika, ndi ufa wa kondowole wosadzaza n'komwe beseni. Koma denga, abale, limawala moti asodzi amaliona ali pakati pa nyanja.

"Timoneni, Ada Ticha," anatero popereka moni wa Chitonga, atakhala pansi. "Dengali lindiphetsa. Ulendo watha anandidumpha chifukwa cha lomweli. Ana awa adya malata?"

Nzeru inachokera kwa Ada Mhone. Mutu umodzi susenza denga, ndiye m'mawa mwake tinasonkhana amuna angapo, tinakwera. Udzu, masamba a nthochi, kaukonde kakutha pamwamba pake. Potsika, nyumba ija inkaoneka ngati nkhuku yonyowa ndi mvula. Tinaombera m'manja, ine ndinavinako pang'ono. Sindinasangalalepo chotere ndi ntchito ya manja anga.

Tinaiwala chinthu chimodzi. Ino ndi nyengo ya mwera.

Alembi anafika awiri, mtsikana ndi mnyamata, aulemu wawo ndithu. Atangokhala pamphasa n'kufunsa kuti, "Mayi, nyumba yanuyi ndi yofolera ndi chiyani?" mphepo inayankha yokha. Udzu wonse uja kuuluka, kulowera kumsewu, masamba a nthochi pambuyo. Dzuwa linamenya malata, mnyamata uja mpaka kuphimba maso. Ngati kuti sizinakwane, chitseko cha kwathu chinatseguka ndi mphepo yomweyo, abakha n'kutuluka pamzere, aliyense kulunjika kwa mbuye wake.

Ndinaseka mpaka kugwirira mtengo wa mango. Alembi anaseka. A Nyachirwa nawo anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje.

"Pepani, mayi," anatero mtsikanayo atapezako mpweya. "Ife timalemba zimene taona. Kudzabwera ena odzatsimikiza."

Tsono ndikufunseni, owerenga anga. Chithandizo chotani chimene munthu amachipeza pobisa matiresi? Tikuti tikutukula anthu, koma amene watukuka pang'ono, wagula kasola kuti ana aziwerenga, ndi amene tikumulanga. Anthu akuopa kupaka laimu nyumba zawo. Mayi wina kuno anakana mbuzi yamphatso chifukwa imalira kwambiri.

Pali maganizo ena amene akukambidwa masiku ano, ndipo ine andilowa m'mutu ngati nyimbo ya kwaya. Akuti tithetse zosankhasankhazi, makuponi, chimanga cha apa ndi apo, mayina olembedwa n'kufufutidwa. M'malo mwake munthu aliyense wamkulu azilandira kandalama kofanana mwezi uliwonse, pafoni pake, popanda womusuzumira kuchipinda. Msodzi, wogoba mphira kuesiteti, wamasiye, ngakhale mphunzitsi. Inde, ngakhale ine! Sindingakane, mayi anandilera bwino. Zanga boma lidzazitenganso pamsonkho, limadziwa kale pondipeza.

Taganizani. Kuno chakudya ndi chinangwa, chimene chimamera osapempha feteleza. Munthu wa ku Usisya mwamupatsa kuponi ya feteleza wa chimanga, ndiye matumbawo akwere nawo boti akawathire pati? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mupatseni ndalama, iye akudziwa ngati chikumupweteka ndi ukonde, fizi kapena mankhwala.

Ndikukumvani kale. "Azikangomwera mowa." Ena adzamweradi, monga akumwera lero atagulitsa kuponi ija. "Anthu asiya ntchito." Kandalama kake kati? Ada Mhone angasiye usipa ukudutsa chifukwa foni yalira? Funso lolemera ndi lakuti ndalamazo zichokera kuti, ndipo apa nane ndimakanda m'mutu. Nyemba zikagawidwa mudzi wonse, aliyense amalandira msuzi. N'kutheka kuti a Nyachirwa angalandire zochepa kuposa zimene akanalandira atasankhidwa. Koma akanasankhidwa liti? Pang'ono pobwera mwezi uliwonse ndi pabwino kuposa zambiri zongomva kwa anzako.

Ndipo pali china chimene sichigulidwa. Tsiku limene alembi amadutsa, mudzi umagawanika. Olembedwa amayenda chozyolika, odumphidwa amasiya kuwapatsa moni kuchitsime. Anthu opemphera tchalitchi chimodzi cha Sabata amayamba kunenerana kuti, "Uja ali ndi mwana ku Joni." Umphawi tausandutsa mpikisano, ndipo aliyense akufuna chikho.

Katundu wa eni wabwerera kwawo tsopano. Ndatsika pa matiresi aja, msana wayambanso kudziwa mwini wake.

Dzulo masana a Nyachirwa anafika, kamdzukulu kali kumsana. Sanali kuseka.

"Ada Ticha, mundibwereke hamala yozulira misomali. Malatawa ndiwachotse, ndisungitse kwa inu mpaka otsimikiza adutse. Mwana wanga andikhululukira."

Odzatsimikizawo palibe akudziwa tsiku lawo, ndipo mvula ya kuno siipemphedwa kawiri. Hamala ndili nayo, ili pansi pa bedi. Ndinawauza kuti ndiyambe ndaifunafuna, ndipo anathokoza kuti, "Yewu, ada." Abweranso mawa.

Inu amene mumati kusankha ovutikitsitsa ndiko chilungamo, tandithandizani msanga: ndiwapatse?