A Simeon ndi kompyuta ya mausi

A Simeon Chilombo anabadwira ku Nguboyenja, komboni ina ya ku Rhodesia, bambo awo ali mlonda wochokera ku Ntcheu. M'masiku a Rhodesia ankagwira ntchito pa fakitale ina ya nsalu, kuboola makadi a kompyuta. Olemba mapulogalamu anali azungu okhaokha, koma a Simeon ankaphunzira mwakabisira poyang'anitsitsa makadiwo. Ufulu utabwera, azungu ambiri analowera ku Joni, ndipo mpando wolemba mapulogalamu unagwera iwo.

Ntchito ankaidziwa. Pulogalamu yawo inkayambira pamwamba, n'kutsika mzere ndi mzere mpaka kumapeto, monga momwe ailamulira.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, fakitale inagula kompyuta yatsopano ya mausi, yojambulira maluwa a pansalu. Inalembanso ntchito Kulsum Aufi, mtsikana wa kukomboni ya Mabutweni amene anaphunzira zimenezi kukoleji.

"Iyi siyenda ngati yakale ija, Baba," anatero Kulsum, Chichewa chake chikusakanikira ndi Chindebele. "Mumalemba kachigawo ka pulogalamu, koma simukayendetsa ndinu. Mumangopereka dzina lake kwa batani la pasikirini. Munthu akadina batanilo, kompyuta ndiyo imakaitana. Timati kolubaki."

"Nanga akapanda kudina?"

"Kangokhala."

"Ndiye wolamula ndani pamenepa?"

"Wogwira mausi, Baba."

A Simeon anagwedeza mutu ngati amva, koma sanamve. Kufunsanso mwana wamsinkhu wa mwana wawo kunawachititsa manyazi. Kunyumba chakudya chinayamba kuwakanika, ndipo akazi awo, a Mable, ankaganiza kuti ndi matenda.

Anapatsidwa ntchito yokonza batani lofufutira zojambula zakale. Kachigawo kofufutako anakalemba bwinobwino. Koma m'malo mopereka dzina lake kwa batani, anakaitana okha pamzere womwewo, monga anazolowera. Christobel, mayi wojambula maluwa, atayatsa pulogalamuyo m'mawa, inafufuta zonse zimene zinali pa disiki asanakhudze n'komwe mausi. Munali maluwa a nsalu za Khirisimasi, ntchito ya miyezi.

Christobel sanakalipe. Anangokhala pampando manja ali pamiyendo, misozi ikutsika. Zimenezi zinawapweteka a Simeon kuposa mawu a manijala, amene anawauza pamaso pa anthu kuti abwerere ku makina akale.

Kulsum anakachonderera manijala kuti cholakwa chotere chimagwera aliyense woyamba kumene, koma sizinathandize. Chaka chotsatira makina akalewo anagulitsidwa, ndipo a Simeon anawatumiza kosungira katundu, kukayang'anira mipukutu ya nsalu.

Tsiku lina nthawi ya nkhomaliro anakwera masitepe n'kukaima pakhomo pa ofesi ya Kulsum.

"Mwanawe, tandionetsanso pamene ndinalakwa paja."

Kulsum anawaonetsa mizere iwiri, wolakwa ndi wolondola. Inkasiyana pa tizizindikiro tiwiri tokha. A Simeon anayang'ana nthawi yaitali.

"Basi, n'zomwezi?"

"Yebo, Baba."

Anapempha kuti alembe okha batani limodzi, losinthira mtundu wa duwa. Atadina, duwa lofiira linasanduka lachikasu. Anadinanso kangapo, kenaka belu linalira, iwo n'kutsikira ku nsalu zawo.

Ku ofesi ija sanabwererenso. Anapuma ntchito fakitale itayamba kuchepetsa anthu, ndipo anakhala ku Nguboyenja komweko, akukonza mawailesi a anansi pakhonde.