Mlamu wanga anandithirira mfuti

Inu owerenga, ine ndinalakwa chinthu chimodzi: ndinalola munthu wina kundithirira mfuti. Kulakwa kumeneko kunandidyera dzanja, ndipo mtima wanga sunazizirebe.

Kwathu ndi kumunsi kwa phiri la Chambe. Chitaganya chitangoyamba kumene, nguluwe zinavuta m'minda ya chinangwa, ndipo m'mudzi monse mfuti inali yanga yokha, gogodela amene bambo anabwera naye kuchokera kwa Apwitikizi. Bambowo anandiphunzitsa kuti chipolopolo chizichepa pang'ono pakamwa pa mfuti, kuti ukachikulunga m'kansalu kopyapyala kopaka mafuta a nsatsi chizitsika bwino mpaka kukakhala pa onga. Ankati chikaima panjira, mfuti imaluma mwini wake.

Mlongo wanga Esitere anakwatiwa ndi Jailosi, munthu wogwira ntchito ku fakitale ya tiyi. Iyeyu ankafuna dimba la malemu amayi, ine ndikukana, chifukwa mkamwini sagawa nthaka ya eni mudzi. Tinakangana, kenaka anayamba kundisekerera, ine nkumati zatha.

M'mawa wina agalu anadzutsa nguluwe yaikulu kumtsinje. Ndinawombera koyamba nkuphonya. Galu wanga atang'ambidwa pamimba, ndinagwada kuti ndimuone, ndipo Jailosi anati, “Alamu, bweretsani ndikuthirireni, nyama ingatithawe.” Ndinampatsa mfuti pamodzi ndi thumba la zipolopolo zanga.

Zipolopolozo sanazikhudze. Anatenga chidutswa cha bawuti ya kufakitale, nkuchikulunga m'chiguduli, nkuchigogoda mpaka chinakakamira pakati. Ine sindinaone. Nditalunjika, ndinamuona pakona ya diso atabisala kuseri kwa mtengo wa muwanga, manja ali kumutu. Ndinadabwa, koma chala chinali chitakoka kale.

Mfuti inang'ambika ngati nsungwi. Ndinatsitsimukira kuchipatala cha ku Mishoni, dzanja lamanja litatsala chala chachikulu chokha. Anthu amene ananditola ndiwo anapeza bawutiyo ili chikakamire m'chitsulo cha mfutiyo.

Akuluakulu atakhala pansi anati ndi ngozi chabe, popeza Jailosi analira pamaso pawo kuti sadziwa za mfuti. Koma pamowa wina Jailosiyo anamveka akunena kuti, “Tione ngati dimba lija adzalilime ndi mano.” Esitere yemwe ndiye anadzandiuza.

Ine ndiye mwini mbumba. Ndinaitana ankhoswe, ukwati unatha, ndipo ndinaima pakhomo mpaka Jailosi anatuluka ndi mphasa yake pamutu. Ana ake anamulirira, ine osagwetsa msozi. Dimbalo ndinabzalamo nthochi ndi dzanja lamanzere, kufikira m'mphepete mwa njira imene amadutsa popita kuntchito, kuti aziziona. Abusa anandiuza kuti ndikhululuke. Ndinawayankha kuti ndidzakhululuka tsiku limene zala zanga zidzaphuke.

Inu amene muli ndi gogodela, chipolopolo sankhani nokha, kansalu ng'ambani nokha, ndipo tsindirani nokha mpaka mumve kuti chafika pansi. Nyama ikathawa, ithawe, mawa kulinso ina. Makamaka munthu amene munakangana naye za nthaka, angaseke chotani, musampatse mfuti yanu.

Jailosi akadali moyo. Tikakumana pamsika wa ku Boma ndimapita dala pamene pali anthu ambiri, nkumutambasulira dzanja lomweli kuti andipatse moni. Amaligwira akuyang'ana pansi, ndipo ine sindilibweza msanga.